Nyimbo ya mphindi 22 m'chipinda chopanda netiweki

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa. Amayi akanditumizira uthenga wamawu pa WhatsApp, ndimadina kabatani kaja ka 2x kuti alankhule mothamanga. Amayi sadziwa kufupikitsa nkhani. Amayamba ndi moni, kenako mvula, mtengo wa feteleza, maliro a kutsidya, mbuzi ya aneba yomwe yalowanso m'dimba, ndipo nkhani yeniyeni imadzatulukira pa mphindi ya 8. Ndiye ine ndimawathamangitsa, mawu awo n'kumamveka ngati a kamwana, uku maso ali pa TikTok. Ndikudziwa sindili ndekha. Nanunso mukuwerenga nkhaniyi chala chili chokonzeka kale kuthawira kwina.

Ndimakhala ku Leicester, m'dziko la England, komwe ndimagwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba. Pamalopo pali bambo wina wachizungu wa zaka 67 amene amakonza zinthu zikawonongeka: mipope, zitseko, mababu. Ife Amalawi awiri a pamenepo timangowatchula kuti Mdala. Tsiku lina mu Novembala, nthawi yopuma, anandipeza ndikumwa tiyi mutu uli pafoni, n'kuika matikiti awiri patebulo.

"Mwana wanga, Lachisanu usiku uli ndi chochita? Ndagula awiri mwachizolowezi."

Mawu oti "mwachizolowezi" sindinawalabadire. Ndinangofunsa kuti ndi nyimbo zanji, paja safunsa anadya phula.

"Progressive rock," anatero. "Ife timangoti prog. Udzabwere ndi makutu, zina zonse udzasiye kunyumba."

Kwa amene simunamvepo za mtundu umenewu, monga ine panthawiyo, nkhani yake ili motere. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, achinyamata ena oyimba rock ku Britain anatopa ndi nyimbo za mphindi zitatu zongoti ndimakukonda, wandithawa. Anayamba kusakaniza rock ndi jazi, nyimbo za okestra ndi nyimbo zakale za kumidzi ya kwawo. Ambiri amati chimbale chomwe chinatsegula njira ndi In the Court of the Crimson King cha gulu la King Crimson, chomwe chinatuluka mu 1969. Pambali pawo panali magulu monga Yes, Genesis, Jethro Tull, Pink Floyd ndi Emerson, Lake & Palmer.

Chizindikiro chawo chinali kutalika kwa nyimbo. Mu 1972 mokha, a Yes anatulutsa Close to the Edge ya mphindi zoposa 18, a Genesis anatulutsa Supper's Ready ya mphindi pafupifupi 23, pomwe a Jethro Tull anatulutsa Thick as a Brick, chimbale chonse nyimbo imodzi yopitirira mphindi 40. Malire awo anali chimbale chenichenicho, chakuda chozungulira chija, chomwe mbali imodzi inkanyamula mphindi 20 ndi pang'ono. Itafika 1976 ndi 1977, anyamata a punk anabwera ndi nyimbo zazifupi zaukali, n'kumaseka a prog kuti ndi nkhalamba zodzitukumula. Prog inachoka pamwamba, koma sinafe. Ambiri oiyimba lero amapezeka m'tizipinda ngati komwe Mdala ananditengera.

Malowo ali kuseri kwa msewu wina, pansi pa nyumba yakale. Pakhomo panali mlonda mmodzi ndi kapepala komata ndi selotepi. Tikiti inali mapaundi 12. Tikutsika masitepe, ndinaona timizere ta netiweki pafoni panga tikuzimirira kamodzikamodzi: tinayi, titatu, kamodzi, kenako zii. Mtima unagunda ngati ndataya chikwama.

M'katimo denga linali lalifupi moti munthu wamtali akanatha kuligwira. Nsapato zinkamatirira pansi chifukwa cha mowa wotayika wa zaka zambiri. Nsanja inali yongofika m'mawondo. Ndinawerenga anthu, sanakwane 70. Ambiri anali azibambo a imvi ovala matisheti akuda osuluka, koma panalinso ana asukulu za ukachenjede angapo ndi amayi owerengeka. Wakhungu lakuda ndinalipo ine ndi mlonda uja basi.

Bambo wina wandevu atamva kuti ndine wa ku Africa anasangalala ngati wapeza m'bale. Anandiuza za Osibisa, gulu lomwe oyimba a ku Ghana ndi a kuzilumba za Caribbean anayambitsa ku London mu 1969. Zithunzi za njovu zouluka za pazimbale zawo zoyambirira anajambula ndi Roger Dean, yemweyo amene anadzatchuka pojambula zikuto za zimbale za Yes. Kenako anandifunsa ngati ku Ghana ndimapitapita. Ndinamuyankha kuti kuchoka ku Leicester kupita ku Moscow n'kufupi kusiyana ndi kuchoka kwathu kupita ku Accra. Anaseka, n'kundigulira chakumwa.

Cha m'ma 9 koloko oyimba anakwera pansanja. Anali asanu, onse amsinkhu wanga: wagitala, wabezi, wang'oma, woyimba pakamwa ndi mtsikana wina wozunguliridwa ndi makiyibodi atatu. Panalibe utsi, panalibe ovina, panalibe wofuula kuti manja m'mwamba. Wang'oma anangogogoda timitengo take, nyimbo n'kuyamba.

Ine monga Mmalawi, thupi linayamba lokha kufunafuna povinira. Phazi linkagunda bwinobwino, kenako mwadzidzidzi n'kupezeka kuti lasochera, ngati munthu wotsika masitepe mumdima amene akuyembekeza sitepe ina koma palibe. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Mdala anaona, n'kundinong'oneza: "Ukuwerenga mpaka 4. Werenga mpaka 7."

Apa m'pamene pali chinsinsi china cha prog. Nyimbo zambiri zomwe timamva, kaya rege, amapiano kapena za kwaya, zimayenda ndi kugunda kunayikunayi. A prog amakonda kuyenda ndi 5, 7 kapena 9, ndipo amatha kusintha pakati pa nyimbo. Ngakhale nyimbo yotchuka ya Pink Floyd ya mu 1973 yotchedwa Money, mbali yaikulu imayenda ndi 7. Nditayamba kuwerenga, phazi linapeza njira. Ndinakumbukira ndili mwana kubwalo la gule, momwe mbalule inkadumphira pamwamba pa ng'oma zinzake, kuoneka ngati yataya njira, kenako n'kudzakumana nazo pamalo pake penipeni. Khutu limeneli tili nalo. Kungoti sindinaligwiritse ntchito kwa nthawi yaitali.

Panalinso phokoso lina lochokera kwa mtsikana wa makiyibodi, lomveka ngati kwaya ikuyimbira kutali m'chigwa, lonjenjemera pang'ono. Mdala anati amenewo ndi mawu a Mellotron, chipangizo chomwe chinkapangidwa ku Birmingham kuyambira m'ma 1960. Pansi pa batani lililonse pankakhala tepi yojambulidwa mawu a zitoliro, mavayolini kapena kwaya, ndipo ukadina inkalira kwa masekondi 8 okha. Mtsikanayo ankangotsanzira mawuwo pakompyuta, koma azibambo aja atawamva anatsinzina ngati alawa ndiwo za amayi awo.

Ndisakunamizeni kuti zonse zinali zokoma. Wagitala panthawi ina analiza gitala yekha kwa nthawi yaitali mpaka ndinayamba kuganiza za zovala zomwe ndinasiya m'makina ochapira. Mawu a nyimbo zina, onena za nyenyezi ndi nyanja, sindinatolepo kanthu.

Kenako woyimba uja anati: "Yotsatirayi ndi ya mphindi 22. Amene akufuna kupita kuchimbudzi apite pano." Anthu anaseka, koma ena anapitadi.

Inayamba ndi kanyimbo kosavuta pa piyano, konga koguguzira mwana. Pa mphindi yachitatu dzanja langa linalowa lokha m'thumba. Ndinatulutsa foni: palibe netiweki. Ndinaibweza. Patapita kanthawi ndinaitulutsanso, ndikudziwa bwino lomwe kuti mulibe kanthu. Ndinachita zimenezi kanayi. Kachinayiko ndinachita manyazi, osati ndi anthu, koma ndi dzanja langalo, lomwe linkachita zinthu osandifunsa ngati la chidakwa.

Popeza kothawira kunalibe, ndinamvetsera. Kanyimbo ka piyano kaja kanamizidwa ndi bezi. Ng'oma zinalowa, gitala anakwiya, zonse zinathamanga mpaka ndinamva kugunda m'nthiti. Kenako zonse zinaduka. Kunatsala kiyibodi yokha, chapansipansi, moti ndinkamva kulira kwa firiji ya kubala. Palibe anatsokomola. Anthu 70 chete, kudikira. Oyimbawo anayamba kumanganso pang'onopang'ono, ngati omanga nyumba ya njerwa, mzere pamwamba pa mzere. Ndipo chakumapeto kwenikweni, kanyimbo ka poyamba kaja kanabwerera, koma tsopano zipangizo zonse zikukayimba pamodzi mwamphamvu.

Tsitsi linandiyima. Ndinakazindikira ngati mnzako wa kupulaimale amene wakumana naye atakula. Ndipo ndinadziwa kuti ndikanati ndiidumphitse nyimboyo n'kufikira pa mphindi ya 20, ndikanangomva phokoso. Kukoma kwa pamenepo kunachokera m'mphindi 19 zomwe ndinadikira. Akuluakulu ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, ife tinkangoloweza kuti tikhoze mayeso a Chichewa.

Nditatembenuka ndinaona Mdala misozi ili mbwembwembwe, osaipukuta. Nyimbo itatha anandigwira paphewa. "Mayi akunyumba ankaima pomwe waimapo iwepo," anatero. "Zaka 40 takhala tikupita limodzi kumalo ngati ano. Anatisiya chaka chatha. Pogula matikiti dzanja limangodina awiri."

Ndagwira nawo ntchito miyezi 14, timamwa tiyi patebulo limodzi, koma sindinkadziwa. Mwina ananenapo. Mwina ndinali pafoni.

Sikuti makutu athu anabadwa aulesi. Pali amene amapindula tikamathamanga. Pa Spotify, nyimbo imawerengedwa kuti yamvedwa munthu akaimvera masekondi 30, ndiye woyimba amene akufuna kudya amaika chokoma chonse koyambirira, kuopa kuti mudumpha. Nyimbo ya mphindi 22 imawerengedwa kamodzi, chimodzimodzi ya mphindi ziwiri. Pa TikTok ndiye zinafika pena: nyimbo imatchuka ndi kachidutswa kake, ena osadziwa n'komwe momwe imayambira. Woyimba wofuna kunena chinthu chachitali amasowa pokanenera, kupatula m'chipinda ngati chimenechi.

Koma zipindazo nazo zikutha. Shoo itatha, mayi amene amayendetsa malowo anaima pakhomo ndi kandowa, kupempha aliyense aponyemo kangachepe ka lendi ndi magetsi. Bungwe la Music Venue Trust, lomwe limayang'anira malo ang'onoang'ono oyimbirako ku Britain, linanena kuti mu 2023 mokha malo 125 otere anatsekedwa kapena anasiya kuyimbitsa magulu. Amodzi mwa iwo ndi Moles mumzinda wa Bath, omwe anatseka mu Disembala chaka chimenecho atagwira ntchito zaka 45. Pomwe matikiti a m'masitediyamu akutha ngati mandasi otentha, pansi pakuuma. Komatu akuluakulu onsewo anayambira pansi. A Pink Floyd anaphunzira kutalikitsa nyimbo m'chipinda chapansi cha UFO Club ku London mu 1966 ndi 1967. A Yes ndi a King Crimson ankayimba ku Marquee, mumsewu wa Wardour, asanatchuke. Gulu limafunika malo oti lilakwitse pamaso pa anthu 70 lisanakaime pamaso pa anthu 70,000. Ndinaponya mapaundi 5 m'kandowamo. Oyimba aja anali akunyamula okha ng'oma zawo kukweza masitepe, ndipo wabezi anandiuza kuti m'mawa mwake 7 koloko akalowa ntchito kusitolo.

Titafika pamwamba, foni inayamba kunjenjemera m'thumba ngati yagwidwa malungo. Mauthenga 43. Panalibe ngakhale umodzi womwe sukanadikira. Pakati pawo panali wa amayi, wa mphindi 9.

Sindinatembenuke mtima n'kukhala munthu wa prog. Mawa lake popita kuntchito ndinali ndi Black Missionaries m'makutu monga mwa nthawi zonse. Koma usiku umenewo m'basi ndinachotsa ka 2x kaja n'kuwasiya amayi alankhule ndi liwiro lawo. Moni. Mvula yachedwa. Feteleza wakweranso. Mbuzi ija. Pa mphindi ya 6 anaima kaye, ndipo ndinamva akupuma movutikira, kupuma komwe pa 2x sikumveka. Kenako anati, ngati nkhani yongodutsa: "Chizungulire chija chandibwereranso, koma usadandaule, a dokotala andisinthira mankhwala." N'kupitiriza za denga la tchalitchi.

Chizungulire chija? Chiti? Ndinabwerera m'mauthenga akale n'kuyamba kumvera umodziumodzi. Ndinachipeza mu uthenga wa masabata atatu m'mbuyomo, pakati pa nkhani ya chimanga ndi ya ukwati wa msuweni wanga. Pansi pake panali yankho langa: kachala kamodzi koloza m'mwamba.

Ndinawayimbira 5 koloko m'mawa, kwathu ili 7. Anadabwa. "Kwagwanji mwanawe, suyimba nthawi ino?" Ndinati palibe, ndimangofuna kumva za kuchipatala. Anati afika pamenepo, koma ndimve kaye zomwe yachita mbuzi ya aneba. Ndinakhala pansi, n'kuika foni pakhutu.