Blur ndi Oasis: Mkangano wa Okonda Nyimbo ku Britain mu 1995

Nyimbo zotchedwa alternative rock, zomwe ndi nyimbo za magitala zimene zinakula m'zaka za m'ma 1980 pansi pa makampani ang'onoang'ono ojambula nyimbo, poyamba zinali za anthu ochepa amene ankanyadira kumvera zinthu zimene mawailesi otchuka sankaziika kawirikawiri. Pofika mu 1995 nyimbozi zinali zitalowa kale pamsika waukulu ku Britain, ndipo nthambi yake ina, yomwe atolankhani anaitcha Britpop chifukwa inkaimba za moyo wa kumeneko m'kalankhulidwe ka kumeneko pofuna kusiyana ndi magulu a ku America monga Nirvana, inali ndi magulu awiri amene mayina awo anali pakamwa pa aliyense, omwe ndi Blur ndi Oasis.

Pa 14 Ogasiti 1995 magulu awiriwa anatulutsa nyimbo tsiku limodzi, Blur ikutulutsa "Country House" pomwe Oasis inatulutsa "Roll with It", ndipo izi sizinachitike mwangozi popeza mbali ya Blur inasuntha dala tsiku lake kuti ligundane ndi la anzawowo. Nyuzipepala ya zanyimbo ya NME inaika nkhaniyi pachikuto ngati mpikisano wa nkhonya, ndipo ngakhale BBC inaiulutsa pa nkhani zake zamadzulo, chinthu chosachitikachitika kwa magulu amene ankadzitchabe apambali.

Chomwe chimadabwitsa munthu akaunika zimene okonda magulu awiriwa ankalankhula m'mabala, m'masukulu ndi m'masitolo ogulitsa nyimbo n'chakuti zambiri sizinkakhudza kaimbidwe konse. Abale awiri a mu Oasis, Noel ndi Liam Gallagher, anakulira ku Burnage mumzinda wa Manchester, m'banja la makolo ochokera ku Ireland, ndipo Noel anagwirapo ntchito ya zomangamanga asanatchuke, kotero kuti achinyamata ambiri a kumpoto kwa England, komanso ena amene ankadya thukuta la ntchito zamanja, ankaona gululi ngati lawolawo. Kwa iwo a Blur anali ana a kumwera ophunzira ndi odzimva, poti awiri mwa iwo, Graham Coxon ndi Alex James, anakumana pa koleji ya Goldsmiths ku London. Okonda Blur nawo ankabwezera ponena kuti Oasis ndi anyamata aphokoso ongobwereza zimene a Beatles anachita kale, mawu omwe anali ndi kachoonadi pang'ono, ngakhale sankafotokoza chifukwa chake makamu ankaimbira limodzi nyimbo za Oasis m'mabwalo a mpira. Ngakhale mpirawo unalowereramo, pakuti a Gallagher amachemerera Manchester City pomwe Damon Albarn, woimba wamkulu wa Blur, amachemerera Chelsea. Motero funso looneka losavuta, loti munthu amakonda gulu liti, linkafunsa komwe munthuyo akuchokera ndi gulu la anthu limene akufuna kuwerengedwamo.

Sabata imene nyimbo ziwirizo zinatuluka Blur inapambana pogulitsa makope pafupifupi 274,000 pomwe Oasis inagulitsa pafupifupi 216,000, ngakhale otsutsa ankakumbutsa kuti nyimbo ya Blur inali pa ma CD awiri osiyana, zomwe zinachititsa okonda kwambiri kugula onse awiri. Chipambanocho sichinakhalitse, chifukwa chimbale cha Oasis cha "(What's the Story) Morning Glory?", chomwe chinatuluka mu Okutobala chaka chomwecho, chinagulidwa kwambiri kuposa "The Great Escape" cha Blur, ndipo mu Ogasiti 1996 Oasis inaimbira anthu pafupifupi 250,000 pa masiku awiri ku Knebworth.

Patapita zaka, oimba eni akewo anazizira. Oasis inapasuka mu 2009 chifukwa cha kusamvana kwa abale awiri aja, osati chifukwa cha Blur, ndipo mu 2013 Noel Gallagher anaimba limodzi ndi Albarn ndi Coxon ku Royal Albert Hall pa chochitika chosonkhetsa ndalama zothandizira achinyamata odwala khansa.