Magalimoto a ku Mangalande: Odwaladwala Koma Osafa Msanga

Loweruka lomaliza la mwezi wa August chaka ndi chaka, pamene Achewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, magalimoto amadzaza m'mbali mwa msewu mpaka kusowa poponda. Munthu atati ayende akuwerenga mayina ake, angapeze Toyota, Nissan, Isuzu ndi Mitsubishi mobwerezabwereza, ndipo angatope asanaone imodzi yopangidwa ku Mangalande. Zaka 50 zapitazo sizinali chomwecho. Apolisi, alangizi a zaulimi, a chipatala ndi ansembe ambiri ankayenda pa Land Rover. Chimanga ndi nshawa za Chalimbana zinkapita kumsika pa malole a Bedford, anthu ankakwera mabasi a Leyland, ndipo mphunzitsi amene zinthu zinamuyendera ankagula Morris Minor kapena Ford Cortina.

Akuluakulu ena mpaka lero salola kuti munthu anyoze Land Rover pamaso pawo. Amati galimoto yokhulupirika ngati imeneyo sinapangidwenso. Achinyamata akamva zimenezi amangoseka, pakuti Land Rover imene iwo amaidziwa ndi ija yokhala pa njerwa kuseri kwa galaja, nkhuku zikuikira mazira m'katimo. Ife tikuona kuti mbali zonse ziwiri zikunena zoona, ndipo nkhaniyi si yongochezera pa moto madzulo. M'maparishi mwathu makomiti amakambirana za kugula ndi kusamala galimoto ya ansembe, ndipo alimi ena akalandira ndalama za thonje kapena soya amakopeka ndi galimoto yakale yotsika mtengo. Onsewa ayenera kuyamba adzifunsa tanthauzo la mawu oti kukhulupirika pa msewu wa fumbi ndi matope.

Land Rover inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam pa 30 April 1948, chaka chomwecho chimene chipatala cha St Francis chinakhazikitsidwa kuno ku Katete. Inkapangidwa ku Solihull ndi kampani ya Rover, ndipo amene anaiganizira, Maurice Wilks, ankafuna galimoto ya mlimi, yotha kukoka pulawo, kunyamula matumba ndi kuzunguza makina ena a pamunda. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itangotha kumene, chitsulo chili chosowa, choncho thupi lake analiumba ndi aluminiyamu. Kusowa kumeneku kunabala mwayi, chifukwa aluminiyamu sachita dzimbiri ngati chitsulo. Mitundu imene inafala m'chigawo chathu cha Kum'mawa ndi Series II ya 1958, Series IIA ya 1961 ndi Series III imene inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Panali yaifupi ya mainchi 88 pakati pa mawilo ndi yaitali ya mainchi 109, ija yonyamula odwala ndi makwaya. Ena mwa magalimotowa ankalumikizidwira ku Ndola konkuno.

Mtima wake

Injini imene inapatsa galimotoyi mbiri ndi ya masilinda anayi, ya malita awiri ndi kota, kapena kuti 2,286 cc. Ya petulo mphamvu zake sizinkafika pa akavalo 80, ndipo ya dizilo inali ndi 62 chabe. Kagalimoto ka masiku ano konyamula anthu asanu kamaiposa kutali. Chinsinsi chake chinali kwina. Injini ya petuloyo inamangidwa pa maziko a injini ya dizilo imene kampaniyo inatulutsa mu 1957, motero zitsulo zake zinali zonenepa kuposa ntchito imene zinkagwira. Inali ngati ng'ombe yaikulu yokoka ngolo yaing'ono: siithamanga, komanso siitopa. Mphamvu zake zinkabwera injini ikuzungulira pang'onopang'ono, ndipo n'zimene zimafunika pokwera chitunda cha miyala kapena potuluka m'dambo, pamene kuthamangitsa mawilo kumangokumbitsa dzenje.

Opanga anaganiziranso maiko ngati athu. Injini zambiri zotumizidwa kunja anazikonza kuti zizilandira petulo wosalimba popanda kugogoda. Mpweya usanalowe mu injini unkadutsa m'chitini cha oyilo chimene chinkagwira fumbi, ndipo chitinicho sichinkafuna kugula chatsopano: munthu ankangotaya oyilo wakuda, kutsuka ndi parafini n'kuthira wina. Batire ikafooka, dalaivala wa ya petulo ankatenga hendulo, kuilowetsa pa kabowo kakutsogolo n'kupukusa ndi manja. Hendulo imeneyi inali ndi mwambo wake, chifukwa injini ikabweza mwadzidzidzi inkatha kuthyola chala chachikulu cha munthu amene waigwira molakwika.

Mawu ake nawo sitingawaiwale. Ya petulo, ikakhala yokonzedwa bwino, inkang'ung'udza motsika ngati makina osokera, ndipo phokoso lenileni linkachokera m'magiya amene ankalira mokweza liwiro likamakwera. Ya dizilo inali chigayo chenicheni. Amene anayesapo kutsogolera Korona m'Land Rover ya dizilo pa ulendo wa ku Chipata akudziwa kuti oyankha ankangoyang'ana milomo ya wotsogolera. Liwiro likafika makilomita 80 pa ola, zitseko, mawindo ndi mano a okwera zonse zinkayimbira limodzi, ndipo m'mwezi wa October kutentha kwa injini kunkadutsa pansi n'kuwotcha mapazi.

Pafupi ndi bondo la dalaivala panali timitengo titatu. Kakuda kanali ka magiya a masiku onse. Kachikasu, akakakanikiza pansi, mawilo onse anayi ankayamba kukoka. Kofiira, akakakokera m'mbuyo, galimoto inkalowa m'magiya otsikitsitsa n'kumakwawa ngati fulu, koma ndi mphamvu yozula chitsa. Pa Series II ndi IIA giya yoyamba ndi yachiwiri sizinkalowa mwaulemu pokhapokha dalaivala aponde kilachi kawiri, ndipo mlendo pa chiwongolero ankadziwika ndi kukukuta kwa magiya asanatuluke n'komwe pa chipata cha mishoni.

Matenda ake

Tsopano tinene zimene okonda galimotoyi sakonda kumva. Land Rover inkadontha oyilo paliponse: pa injini, pa bokosi la magiya, pa madifu ndi pa mfundo za mawilo akutsogolo. Amakaniko ankanena moseka kuti ikaleka kudontha ndiye kuti oyilo watha. Zamagetsi zake, zopangidwa ndi kampani ya Lucas, zinali ndi mbiri yoti Angerezi eni ake anaipatsa kampaniyo dzina lachipongwe loti mfumu ya mdima. Mabuleki ankafuna kumangidwa kawirikawiri, ndipo galimoto ikangowoloka mtsinje ankayamba agona kaye mpaka aume. Mashafuti a mawilo akumbuyo ankathyoka galimoto ikalemedwa pa chitunda, vuto limene linachepa pa Series III yaitali itapatsidwa ekiselo yolimbirapo ya Salisbury. Petulo inkamwa ngati ili pa ukwati, makilomita 6 kapena 7 pa lita imodzi. Ndipo pansi pa thupi losachita dzimbiri lija panali chasisi ya chitsulo imene matope onyowa ankaidya mwakachetechete.

Nanga galimoto yodwaladwala chonchi inatchuka bwanji kuti ndi yokhulupirika? Yankho lili m'mtundu wa matendawo. Pafupifupi onse anali aang'ono, ooneka ndi maso, ochizika pansi pa mtengo. Injini ikazima, zifukwa zinali ziwiri zokha, moto kapena mafuta. Dalaivala ankapala mapointi ndi kachidutswa ka sandipepa, kupukuta mapulagi, kuuzira dothi m'kabureta, ulendo n'kupitirira. Ngakhale shafuti ikathyoka, wodziwa ankachotsa yothyokayo ndi chitsulo chachitali chopititsa mphamvu kumbuyo, kukanikiza kachikasu kaja, n'kubwerera kunyumba pa mawilo akutsogolo okha. Masipanala ochepa, pulayazi, waya ndi mphira wa chubu chakale zinali zokwanira. Galimotoyi sinkalonjeza kuti siifa panjira. Inkalonjeza kuti ikafa idzuka, ndipo wodwala afika kuchipatala ngakhale mochedwa.

Khalidwe limeneli linaoneka mtengo wake m'zaka za mavuto. Ian Smith atalengeza ufulu wake wosavomerezeka ku Rhodesia pa 11 November 1965, mafuta anayamba kugawidwa mopimira m'Zambia. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasowa, ndipo masipeya anasowa nazo. Ife amene tinakula m'zaka zimenezo tikukumbukira mashelefu opanda kanthu m'masitolo. Poti zitsulo zambiri za Series II, IIA ndi III zinkalowana, ndiponso thupi lonse linali lomangidwa ndi mabauti, Land Rover imodzi yakufa inkadyetsa zinzake zitatu kwa zaka zingapo. Chitseko chobiriwira pa galimoto yotuwa sichinkadabwitsa munthu.

Anzake a ku Mangalande anali ndi mtima womwewo. Morris Minor, imene Alec Issigonis anaikonza ndipo inapangidwa kuyambira 1948 mpaka 1971, inali ndi kainjini kosavuta, ndipo pampu yake ya petulo ikagona, mwini wake ankangoigogoda ndi sipanala n'kuyambanso kugunda. Koma inali yofupika miyendo, yoyenera msewu wa Great East osati njira za kumidzi m'dzinja. Malole a Bedford a mphuno yaitali ankakwera mapiri a ku Luangwa pa liwiro loti mwana akhoza kuwapitirira wapansi, madzi akuwira m'ladiyeta, koma ankafika.

Chifukwa chake anagonja

Kulakwa kunali kwawo komwe. Mu 1968 makampani ambiri a magalimoto ku Britain anaphatikizidwa kukhala British Leyland. Kunyanyala ntchito kunachuluka, kapangidwe kanatsika, ndipo mu 1975 boma la kumeneko linachita kuitenga kampaniyo kuti isagwe. Land Rover inakhala zaka zambiri osasintha kwenikweni, ogula akudikira miyezi kuti alandire galimoto. Apo n'kuti Ajapani akubweretsa Land Cruiser ya injini yaikulu, maekiselo olimba ndi magetsi osavuta, pamodzi ndi Hilux. Tisanamizane: magalimoto amenewa anali abwinopo. Ankachizika pansi pa mtengo ngati Land Rover, koma sankadwala kawirikawiri ngati iyo. Mamishoni, zipatala ndi boma anasintha mmodzimmodzi, ndipo palibe amene angawadzudzule. Dzina la Land Rover linagulidwa ndi BMW mu 1994, Ford mu 2000 ndi Tata ya ku India mu 2008, ndipo yomaliza ya mtundu wakalewo, yotchedwa Defender, inatuluka ku Solihull pa 29 January 2016.

Chimene chikutidetsa nkhawa ndi china. Magalimoto ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito amene akulowa m'dziko masiku ano ndi ofewa, osamwa mafuta, ndipo amatha chaka osavuta. Koma injini zake zimalamulidwa ndi kompyuta. Tsiku limene kanyali kayaka pa bolodi galimoto n'kuzima pakati pa Vubwi ndi Chipata, kapena pa njira ya ku Chanida, sipanala ilibe mawu. Pamafunika munthu wa makina oyezera kuchokera kutauni, ndi ndalama zokokera galimotoyo. Kwa wamalonda kumeneko ndi kutaya tsiku. Kwa mayi amene kubereka kwamuvuta usiku wa mu February, kapena nkhalamba imene ikudikira wansembe kuti aidzoze mafuta a odwala, tsikulo likhoza kukhala lomaliza.

Mpingo unaidziwa kale nkhani imeneyi. Bungwe la MIVA, limene lathandiza mamishoni ambiri mu Africa ndi magalimoto, linayambitsidwa ku Germany mu 1927 ndi Bambo Paul Schulte, mnzawo wansembe atamwalira ku South West Africa, kumene lero ndi Namibia, chifukwa chosowa chomufikitsa msanga kuchipatala. Mpaka lero Akatolika a ku Austria amapereka kangachepe pa kilomita iliyonse imene ayenda popanda ngozi, pa nyengo ya chikondwerero cha Kristofa Woyera mu July. Koma kuyambira pamene maepiskopi a AMECEA anagwirizana mu 1973 kuti Mpingo wa kuno uzidzidalira, udindo unayamba kubwera m'manja mwathu. Wopereka galimoto sapereka oyilo, matayala kapena malipiro a makaniko. Ansembe ndi mabulaza akale a ku Chassa, Minga ndi Vubwi ambiri ankadziwa kugona pansi pa galimoto okha. Lero komiti ya parishi iyenera kukhala ndi thumba lapadera la galimoto, buku lolembamo makilomita ndi tsiku losinthira oyilo, ndiponso dalaivala mmodzi wodziwika, osati aliyense amene wapeza makiyi. Posankha galimoto, afunse kaye amakaniko a pa Katete kapena pa Sinda ngati amaidziwa ndi ngati masipeya ake amapezeka ku Chipata, mtunda wa makilomita pafupifupi 90, kapena mpaka ku Lusaka.

Kwa bambo amene mtima wawo wakhazikika pa Land Rover yakale, sitikuletsani, malinga ngati muli ndi manja okonda sipanala ndipo maulendo anu ndi aafupi, a kumunda ndi kumsika. Musayambe ndi kumvetsera injini, pakuti injini imeneyo imakonzeka. Tengani nyundo yaing'ono, mugone pansi pa galimoto, mugogode chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, makamaka pamene pamangiridwa masipuling'i ndi pa chitsulo chopingasa chakumapeto. Chitsulo chamoyo chimalira ngati belu, chowola chimayankha mogonthera ndipo chimagwetsa dzimbiri. Muonenso chipupa chachitsulo cha pakati pa injini ndi okwera, pansi pa mapazi ndi pa mahinji a zitseko. Kenaka muyese timitengo tonse titatu pa chitunda, muone ngati giya ikutuluka yokha mukachotsa phazi pa mafuta. Pomaliza mufunse buku la galimotoyo, muyerekeze nambala ya chasisi ndi yolembedwa m'bukumo, chifukwa magalimoto amenewa anasinthana ziwalo kwa zaka zambiri, ndipo ena mwa iwo ndi magalimoto atatu ovala nambala imodzi.