Garbanzo: tchana wa ku Spain ali ndi kwawo

Mukabwera kuno ku Spain n'kufuna tchana m'sitolo, muzifunsa garbanzo. Ndi mbewu yomwe ija amalima alimi ena akummwera kwathuko, kungoti wa kuno ndi wonenepa, woyererako, wa khungu lopyapyala. Dzinali ndi lamakedzana, ndipo m'Chisipanishi chakale ankati arvanço. Atsamunda a kuno anawoloka nalo nyanja pamodzi ndi mbewuyo, n'chifukwa chake ku Mexico amatchulanso chimodzimodzi, ndipo ngakhale pa zitini za ku United States mumalipeza.

Anthu kuno anakulira garbanzo moti munthu wopita kukasaka ndalama yodyera amati akukasaka "garbanzos". Nyengo yozizira ku Madrid amaphika cocido. Tchana amagona m'madzi usiku wonse, m'mawa amamuthira m'madzi otentha kale, chifukwa amati ozizira amamulimbitsa. Amabwata pang'onopang'ono ndi nyama, mafupa ndi soseji. Pagome pamayamba kufika msuzi, kenako tchana ndi kabichi, nyama pambuyo.

Koma chimene ndikufuna muchimve chili pa paketi. Tchana wambiri m'masitolo amachokera kunja, makamaka ku Mexico, United States ndi Argentina, ndipo ndi wotsika mtengo. Pambali pake mupeza wina wolembedwa kuti Garbanzo de Fuentesaúco, wa kuchigawo cha Zamora, kapena Garbanzo de Escacena, wa ku Andalucía, ali ndi kachidindo kozungulira ka buluu ndi chikasu ka European Union. Kachidindoko amati IGP. Dzina la maloli ndi lotetezedwa ndi lamulo: sungalilembe pa thumba lako ngati mbewuyo sinalimidwe m'dera lovomerezekalo. Pali bungwe limene limalemba minda m'kaundula, kuyendera alimi ndi olongedza, n'kupereka nambala pa paketi iliyonse. Wogula amalipira mtengo wokwererapo osawinyawinya, poti akudziwa chimene wanyamula, ndipo phindu la dzinalo limabwerera kwa amene anatuluka thukuta.

Zimandiwawa ndikaganiza za mpunga wa Kilombero. Kununkhira kwake ndi thukuta la alimi a ku Karonga, koma pamsika aliyense angathe kusakaniza ndi mpunga wina n'kumakuwa dzina lomwelo. Inu a makopaletivi ndi aphungu athu, limbikirani kuti wogulitsa Kilombero azionetsa umboni wa kumene mpungawo unalimidwa.