Mbale Zolumikizidwa ndi Golide ku Japan

Anzathu, lero tiwerenge za Japan, dziko la zilumba limene lili kum'mawa kwa China. Kumeneko kuli amisiri amene amalumikiza mbale zadothi zosweka, nakuta mng'alu uliwonse ndi golide. Ntchito imeneyi amaitcha kintsugi, ndiko kuti kulumikiza ndi golide.

Koma dzinali lisatisocheretse. Golide sagwira mbale ayi. Chimene chimagwira ndi utomoni wa mtengo wotchedwa urushi.

Urushi ndi mtengo wa banja limodzi ndi mango ndi kaju. Amene tinaswapo kaju wamuwisi tikudziwa mmene mafuta a m'chikamba chake amaotchera zala. Utomoni wa urushi ndi wotero. Ukakhudza khungu usanalimbe, munthu amatuluka matuza oyabwa kwa masiku ambiri. Ukalimba bwinobwino, ukali wake umatha, ndipo mbale ija munthu angathe kudyeramo.

Utomoniwu supezeka wambiri. Mtengo umayamba wakula zaka 10 kapena kuposerapo. Kenako amautema mphini pakhungwa kuyambira Juni mpaka Okutobala, nakanda utomoni umene ukutuluka pang'onopang'ono. Mtengo wonse umapereka magalamu pafupifupi 200 okha, osadzaza ngakhale kapu imodzi.

Tsono mmisiri amachita motere. Amatsuka mapale onse. Amasakaniza utomoni ndi ufa wa tirigu ndi madzi pang'ono, nazipaka m'mphepete mwa phale lililonse, nalumikiza. Pamene panabenthuka amamatapo utomoni wosakaniza ndi fumbi la dothi.

Apa pali chodabwitsa. Ife chinthu chonyowa timachiyanika padzuwa. Urushi safuna dzuwa: amalimba pamalo ofunda ndi achinyontho. Choncho mmisiri amaika mbale m'bokosi lamatabwa, naikamo nsalu yonyowa, natseka. Amadikira sabata imodzi, ziwiri, mwina kuposerapo. Akatulutsa amapala mzere uja ndi khala kuti usalale, napakanso utomoni, nabwezera m'bokosi. Amabwereza kangapo. Wopupuluma ntchitoyi saitha, pakuti mbale imodzi imatenga mwezi wathunthu kapena miyezi itatu.

Golide amabwera pomaliza penipeni. Mmisiri amalemba mzere wopyapyala wa utomoni wofiira pamwamba pa mng'alu, ndipo usanalimbe amawazapo fumbi la golide. Ena amawaza siliva. Ife tikuona kuti ulemu waukulu uyenera kupita kwa mtengo uja ndi kwa munthu wotema mphini, ngakhale maso a anthu amathamangira golide.

Nanga zinayamba liti? Anthu a ku Japan anayamba kumata miphika ndi urushi zaka zikwi zingapo zapitazo. Kuwazapo golide kunafala pambuyo pake, pakati pa anthu okonda mwambo wakumwa tiyi, amene ankasunga mbale zawo ngati chuma cha pamtundu. Pali nkhani imene amakonda kufotokoza ya Ashikaga Yoshimasa, wolamulira amene anakhala ndi moyo kuyambira 1436 mpaka 1490. Akuti mbale yake yochokera ku China itang'aluka, anaitumiza komweko kuti akampezere ina yofanana nayo. Sinapezeke. Anaibweza ataimanga ndi tizitsulo, ndipo ena amati kuyambira pamenepo amisiri a ku Japan anafunafuna njira ina yokonzera mbale yokongola kuposa imeneyo.

Mbale imene amainena m'nkhaniyi ilipo. Imasungidwa m'nyumba ya zinthu zakale ya boma mumzinda wa Tokyo, ndi tizitsulo take tomwe. Anaipatsa dzina lakuti Bakōhan chifukwa cha tizitsuloto.