Maboti awiri ofanana, kusiyana kuli pa injini

Ku Tsangano ndi ku Macanga kulibe nyanja. Mlimi wa mbatatesi kapena wa fodya amene afuna kugula boti lonyamula alendo okawedza mcheni ayenera kutsikira ku nyanja ya Cahora Bassa.

Nyanjayi inayamba kudzaza m'chaka cha 1974, atatseka mtsinje wa Zambezi pafupi ndi Songo. Madzi anamiza mitengo, ndipo zitsa zake zimathyola mapiko a injini.

Maboti awiri angathe kufanana utali ndi utoto, koma injini n'kukhala zosiyana. Ya two-stroke imayendera petulo wosakaniza ndi oyilo. Ndi yopepuka ndiponso yosavuta kukonza, koma imamwa mafuta ambiri. Ya four-stroke simwa mafuta kwambiri, koma ndi yolemera, yokwera mtengo, ndipo imafuna makaniko wodziwa bwino.

Injini ikazima pakati pa nyanja mphepo ikuwomba, boti limatengekera kumene kuli mvuu ndi ng'ona. Choncho wogula asayambe wafunsa mtengo. Ayambe wafunsa kumene zipangizo zake zimapezeka, ndi amene angaikonze ikafa. Paja safunsa anadya phula.