Alonda a Mfuti ku South Africa Amayenera Kubwerera ku Maphunziro Chaka Chilichonse

JOHANNESBURG - M'dziko la South Africa muli alonda a makampani a zachitetezo oposa 500,000, chiwerengero choposa cha apolisi ndi asilikali akaphatikizidwa pamodzi. Ena mwa iwo, makamaka operekeza galimoto zonyamula ndalama ndi othamangira kunyumba zomwe zathyoledwa ndi mbava, amagwira ntchito ali ndi mfuti. Komatu lamulo la dzikolo silikhutira ndi maphunziro a tsiku limodzi: mlonda wotere amayenera kuphunzira mobwerezabwereza nthawi yonse yomwe ali pa ntchitoyo.

Malamulo awiri ndiwo akuluakulu pa nkhaniyi. Loyamba ndi Firearms Control Act la chaka cha 2000, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2004. Lachiwiri ndi la chaka cha 2001, lomwe linakhazikitsa bungwe la PSIRA loyang'anira makampani a zachitetezo ndi kulembetsa alonda.

Mlonda asanakhudze mfuti pa ntchito, amayenera kulembetsa ku PSIRA, kuphunzira ku sukulu yovomerezeka, ndi kulandira setifiketi ya apolisi yotsimikizira kuti ndi woyenera kugwira chidacho. Setifiketiyi imaperekedwa kwa nzika ya dzikolo kapena kwa mlendo yemwe ali ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo. Choncho anthu ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe omwe alibe chilolezochi sangagwire ntchitoyi movomerezeka.

Mfutiyo imakhala ya kampani, ndipo chiphaso chake chimalembedwa m'dzina la kampaniyo. Mlonda saloledwa kubwera ndi mfuti yakeyake ku ntchito. Mfuti ikasowa kapena ikabedwa, apolisi amayenera kudziwitsidwa pasanathe maola 24.

Malinga ndi gawo 21 la ndondomeko za chaka cha 2004, kampani imayenera kutumiza mlonda aliyense wa mfuti kukayeserera kugwira ndi kuwombera mfutiyo kosachepera kamodzi pa miyezi 12 iliyonse. Pa nthawi yomweyo amayeneranso kukumbutsidwa zomwe malamulo amanena, ndipo pa miyezi 24 iliyonse amaunikidwa ngati akadali woyenera kusunga chida. Zonsezi amalipira ndi olemba ntchito, osati mlonda.

Chifukwa chake n'chakuti kulasa chandamale si vuto lalikulu. Chovuta ndi kudziwa nthawi yomwe lamulo limalola kuwombera. Mlonda si wapolisi, ndipo mphamvu zake zomangira munthu sizisiyana kwenikweni ndi za munthu wamba. M'chaka cha 2002, pa mlandu wa Walters, bwalo loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagamula kuti munthu sayenera kuphedwa chabe chifukwa akuthawa kumangidwa. Izi zinatanthauza kuti kuwombera wakuba yemwe akuthawa ndi katundu, koma sakuopseza moyo wa wina aliyense, kungathe kufikitsa mlonda pa mlandu wakupha.

Pamenepa ndi pomwe maphunziro obwereza amatetezera mbali zonse. Mlonda yemwe dzanja lake lazolowera chida, ndipo akukumbukira malire a lamulo, sawombera mwamantha pakati pa anthu ogula malonda. Kampani yomwe imanyalanyaza udindowu ingathe kulandidwa ziphaso za mfuti kapena kufufutidwa m'kaundula wa PSIRA, ndipo alonda ake amatsala opanda ntchito.