Kupanikizika kwa nsomba madzi akasinthidwa

Kupanikizika kwa nsomba madzi akasinthidwa ndi vuto limene limagwera nsomba zowetedwa m'thanki yagalasi, yotchedwa akwariyamu, thankiyo ikangotsukidwa kapena ikathiridwa madzi ena. Kusintha madzi n'kofunika chifukwa madzi okhalitsa amadzaza ndi zonyansa. Nsomba zimavutika pamene madzi atsopano asiyana kwambiri ndi akale, ndipo kusinthako kwachitika nthawi imodzi. Vutoli limakula m'madera ozizira monga kumapiri a Dedza, makamaka kwa nsomba zochokera m'Nyanja ya Malawi zimene zinazolowera madzi ofunda.

Nsomba za m'Nyanja ya Malawi

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu yambiri ya nsomba kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Mbuna, zomwe ndi nsomba zazing'ono zamawangamawanga zokhala m'miyala, zimawetedwa m'mathanki ku Ulaya, ku America ndi ku Asia. Stuart Grant, amene anamwalira mu 2007, anatumiza kunja nsombazi kwa zaka zambiri kuchokera ku Kambiri m'boma la Salima. Mbuna za ku Cape Maclear zimatetezedwa m'paki ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Madzi a pamwamba pa nyanjayi amafunda pakati pa madigiri 24 ndi 29, ndipo pH yake imakhala pakati pa 7.7 ndi 8.6. Muyeso wa pH umasonyeza ngati madzi ali ndi asidi wambiri kapena wochepa. Popeza nyanja ndi yaikulu, madzi ake amasintha pang'onopang'ono potsata nyengo. M'thanki ya malita 100, ndowa zochepa chabe zikhoza kusintha zonse m'mphindi zingapo.

Zimene zimachitika m'thupi la nsomba

Thupi la nsomba limafunda kapena kuzizira molingana ndi madzi amene ilimo. Makha ake, omwe imapumira, ndi opyapyala kwambiri, moti magazi amayandikana ndi madzi nthawi zonse. Pamakha pomwepo ndi pamene pamalowera okosijeni ndi mchere wofunika m'thupi, ndiponso pamene pamatulukira amoniya. Madzi akasintha mwadzidzidzi, thupi limatulutsa mahomoni a adrenaline ndi cortisol, mtima umagunda mofulumira, ndipo mphamvu zambiri zimathera pa kukonza mlingo wa mchere m'magazi. Zikapitirira kwa masiku angapo, chitetezo cha m'thupi chimafooka ndipo matenda amalowerera.

Zoyambitsa

Choyamba ndi kusiyana kwa kutentha. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene Nyanja ya Malawi ili pamamita osakwana 500. Ngakhale boma la Dedza limafika mpaka kunyanja cha ku Mtakataka, nyengo ya kumapiri ndi ina. Mu June ndi July usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10. Madzi ogona m'ndowa panja amakhala ozizira kwambiri poyerekeza ndi madzi a m'thanki ya mbuna, amene amasungidwa pa madigiri 24 mpaka 28 ndi chotenthetsera cha magetsi. Nsomba zothiridwa madzi otere zimafooka n'kugona pansi, ndipo zina zimafa.

Chachiwiri ndi klorini. Madzi a m'mipopi amathiridwa klorini kuti aphe majeremusi ndipo ndi abwino kwa anthu, koma klorini amawotcha makha a nsomba ngakhale atakhala wochepa. Madzi a pamjigo alibe klorini, koma nthawi zambiri amakhala ndi okosijeni wochepa. Madzi a mvula ali ndi mchere wochepa ndipo pH yake ndi yotsika kwa mbuna.

Chachitatu ndi kutsuka mopyola muyeso. Nsomba zimatulutsa amoniya, yemwe ndi poizoni. M'sefa, mumchenga ndi pamiyala mumakhala mabakiteriya othandiza, monga Nitrosomonas ndi Nitrospira, amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite, kenako nitrite kukhala nitrate, yemwe sawopsa kwenikweni. Sefa ikatsukidwa ndi madzi a klorini, kapena mchenga wonse ukachapidwa tsiku limodzi, mabakiteriyawa amafa. Kuti achulukenso zimatenga milungu 4 mpaka 6, ndipo panthawi yonseyo poizoni amaunjikana m'madzi ooneka oyera bwino. Nitrite amalepheretsa magazi kunyamula okosijeni. Amoniya amawopsa kwambiri pH ikakhala yokwera, choncho thanki ya mbuna ili pachiopsezo chachikulu kuposa ya nsomba zokonda madzi a asidi. Sopo naye amawononga makha ndi zoterera zimene zimateteza khungu la nsomba.

Chachinayi chimakhudza thanki yokhala miyezi yambiri osasinthidwa madzi. M'thanki yotere nitrate amachuluka ndipo pH imatsika pang'onopang'ono mpaka nsomba kuzolowera. Madzi ambiri atsopano akathiridwa kamodzi, pH imakwera mwadzidzidzi, ndipo nsomba zimene zinkaoneka zamphamvu zimadwala tsiku lomwelo.

Chomaliza ndi kusokoneza malo. Mbuna yaimuna imasankha mwala wake n'kumauteteza. Miyala ikasunthidwa, nsomba zimayambiranso kulimbirana malo. Mbuna yaikazi imasunga mazira ndi tiana m'kamwa kwa milungu pafupifupi 3, ndipo ikathamangitsidwa ndi ukonde imatha kulavula mazirawo asanakhwime.

Zizindikiro

Nsomba yopanikizika imapuma mwaphamphu kapena kuyandama pamwamba ikuyasamula kukamwa. Imapinda zipsepse, imabisala kumakona, imakana chakudya, ndipo maonekedwe ake amazilala kapena kuda. Ina imadzikhula pamiyala. Patapita masiku angapo pakhoza kuoneka timadontho toyera pakhungu, timene timayamba ndi kachilombo ka Ichthyophthirius multifiliis. Matendawa amabuka kawirikawiri madzi akazizira mwadzidzidzi. Mbuna zimathanso kutupa mimba, matenda amene oweta nsomba akunja anawatcha Malawi bloat.

Kupewa

Oweta nsomba ambiri amasintha gawo limodzi mwa magawo 4 kapena 5 a madzi mlungu uliwonse. Madzi atsopano amayezedwa kuti asasiyane ndi akale kupitirira digiri imodzi kapena awiri, ndipo amathiridwa pang'onopang'ono. Klorini amatha madzi akakhala m'ndowa yosavundikira kwa tsiku limodzi kapena awiri. Mtundu wina wotchedwa chloramine sutha motero, ndipo umafunika mankhwala ochotsera klorini. Siponji ya m'sefa imatsukuluzidwa m'madzi ochotsedwa m'thanki momwemo, ndipo nsomba zimasiyidwa m'thanki ntchito ili mkati. Magetsi akazima, sefa ndi chotenthetsera zimaima, choncho ndi bwino kudikira kuti ayake. Kufunditsa thanki bulangeti kumathandiza kuti isazizire msanga.

Ngati nsomba zapanikizika kale, zimasiyidwa osadyetsedwa kwa tsiku limodzi, nyali ya thanki imazimitsidwa ndipo mpweya umawonjezeredwa. Amoniya kapena nitrite akapezeka, madzi ochepa amasinthidwa tsiku ndi tsiku mpaka mabakiteriya atachulukanso.

M'madamu a alimi

Zomwezi zimachitika m'madamu a nsomba. Alimi a m'Malawi amaweta makumba, chambo ndi chilunguni, nsomba za m'banja limodzi ndi mbuna. Nsombazi sizikula bwino madzi akatsika pansi pa madigiri 20, ndipo akazizira kwambiri zimasiya kudya. Mbewu ya nsomba yochokera kumalo otentha kupita kumadamu a kumapiri imakumana ndi madzi ozizira kuposa amene yabadwiramo. N'chifukwa chake alangizi amalimbikitsa kuyandamitsa thumba la mbewu padamu kwa mphindi 15 mpaka 20, kenako kulowetsamo madzi a m'damu pang'onopang'ono kuti nsomba zituluke zokha. Kafukufuku ndi maphunziro a ulimi wa nsomba amachitika ku National Aquaculture Centre ku Domasi m'boma la Zomba, ndi kusukulu ya ukachenjede ya LUANAR ku Bunda.